Akuti kontirakiti yochotsa zinyalala ili kwa loya, nanga dzalali lidikire ndani?

MayiWaKabichi
Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa odziwa malamulo, osati odziwa kutukwana. Pamsika pathu kuno ku Thyolo khonsolo inalemba kampani yoti izichotsa zinyalala pa dzala la kuseri kwa mashedi a ndiwo zamasamba. Chiyambireni mvula thirakitala yawo ikungobwera mwa apo ndi apo. Titafunsa mkulu wa msika watiuza kuti kontirakiti ikusinthidwa, mapepala ali kwa loya akuwaunika. Zomwe tamva n'zakuti kampaniyo ikufuna ndalama zikwere chifukwa cha mafuta, masiku obwera achepe, ndiponso aiwonjezere zaka ziwiri osaitananso tenda. Makhansala ena akana kuvomereza mpaka loya anenepo. Tsono loyayo akuyang'ana chiyani chotenga nthawi yonseyi? Ife odula tikiti tsiku ndi tsiku tili ndi ufulu woona pepalalo? Nanga titasiya kudula tikiti mpaka dzala litachoka, tingamangidwe?

Kabaza_Thunga
Akuyang'ana envelopu mayi, palibenso china kkkk

Admin_Sapitwa
Achimwene a Kabaza, tayambani bwino. Pano sititchula dzina la munthu, la kampani kapena la ofesi pomunamizira kuba popanda umboni. Amene atero ndifufuta.

Kalaliki_Wopuma
Mayi, ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya khonsolo ndisanapume, ndiye ndiyankhe mbali yomwe ndikuidziwa. Ndalama za khonsolo si za bwanamkubwa kapena za wapampando, n'za boma. Kugula chilichonse, kaya matayala kaya ntchito yochotsa zinyalala, kumayendera lamulo logulira katundu wa boma. Kale tinali ndi lamulo la 2003 ndi ofesi ya ODPP yomwe inkayang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Mu 2017 kunabwera lamulo lomwe linakhazikitsa PPDA, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa ODPP, ndipo ofesi iliyonse ya boma, makhonsolo omwe, imakhala ndi komiti yake yogula katundu, ija timati IPDC. Kontirakiti ikasainidwa munthu mmodzi sangangodzuka n'kuwonjezerapo ziro. Kusintha kulikonse kulembedwe, kukhale ndi chifukwa, kudutse ku komitiyo, ndipo kukakula kumafuna chilolezo cha pamwamba.

Loya akalandira mapepala otere amayamba ndi kontirakiti yakaleyo. Amafufuza ngati muli ndime yolola mtengo kusintha mafuta akakwera kapena kwacha ikagwa. Ngati ilimo, imanenanso kawerengedwe kake, ndiye nkhani imangotsala ya masamu. Ngati mulibe, kampani inavomera yokha kugwira ntchito pa mtengo wokhazikika, ndipo aliyense wofuna kukweza afotokoze kuti mphamvuyo akuitenga kuti.

Koma pa zitatu mwatchulazo, chomutulutsa thukuta loya ndi zaka ziwirizo. Amene anagwa pa tenda yoyamba anapikisana pa ntchito ya nthawi yakutiyakuti, maulendo akutiakuti, mtengo wakutiwakuti. Mukasintha zonsezo nthawi imodzi, dzina lokha ndi limene latsala la kontirakiti yakale. Yomwe mwagwira m'manjayo ndi yatsopano, yoperekedwa kwa munthu mmodzi popanda mpikisano. Makhansala amene akanawo achita bwino, ine ndikanakhala pompo ndikanakananso.

Mkontirakitala_MJ
Madala a Kalaliki mwalankhula ngati munthu amene ankalandira malipiro pa 27 mwezi uliwonse. Bwerani mbali ino muone. Ine sindichotsa zinyalala, ndimanyamula mchenga ndi miyala ku Mulanje kuno, koma ululu wake ndi umodzi. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Tayala la thirakitala silipangidwa ku Luchenza, oyilo sachokera ku Chitakale, zonse n'zamadola. Dizilo mtengo wake amalengeza a MERA, ndipo akalengeza usiku, m'mawa uli kale pa pampu. Nthawi zina ngakhale ndalama uli nazo ukagona pa mzere. Munthu amene anasaina mtengo zonsezi zisanachitike mukufuna azigwira ntchito ndi chiyani, malovu? Kupempha kuti mtengo uwunikidwe si kuba.

Kalaliki_Wopuma
Sindinati ndi kuba, bambo. Ndati payenera kukhala ndime. Inuyo posaina simuwerenga?

Mkontirakitala_MJ
Timawerenga, koma kontirakiti amalemba ndi iwowo. Ukati muike ndime ya mafuta amakuuza kuti fomu yake ndi imeneyi, ukakana pali anzako khumi panja. Ndiye umasaina n'kumapemphera.

Nachisale_wa_Goliati
Chabwino mtengo ukwere, tamva. Nanga masiku achepe bwanji? Ndalama zambiri, ntchito yochepa? Kumeneko ndiye ndalephera kumvetsa ine.

Mkontirakitala_MJ
Achemwali, zimatheka kuti khonsolo yati ilibe ndalama zowonjezera, ndiye agwirizana kuti ndalama ikhale pafupifupi yomweyo koma maulendo achepe. Ndi kukweza mtengo komweko, kungoti kwalowera khomo lakuseri.

Nachisale_wa_Goliati
Eya, mwanena nokha kuti khomo lakuseri.

Loya_Wosamaliza
Ndiyankhe mafunso awiri omaliza a mayi aja, poti a Kalaliki amaliza loyamba.

Kontirakiti ili pakati pa khonsolo ndi kampani. Inu simunasaine, choncho simungakasumire kampaniyo kuti yaphwanya mgwirizano ndi inu. Amene muli naye chochita ndi khonsolo, chifukwa ukhondo wa pamsika ndi udindo wake pansi pa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Kulemba kampani sikuchotsa udindowo. Kampani ikagona, wofunsidwa ndi khonsolo yemweyo.

Za kuona pepala: gawo 37 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapereka ufulu wopeza nkhani zomwe boma likusunga, ndipo lamulo la ATI, lonena za kapezedwe ka nkhanizo, linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Ofesi iliyonse ya boma imayenera kukhala ndi munthu wolandira mapempho otere. Mumalemba kalata, mumatchula chomwe mukufuna, ndipo ayenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Akakana kapena akangokhala chete, mumapita ku Malawi Human Rights Commission, ndi amene amayang'anira lamuloli. Koma musapemphe malangizo amene loya walembera khonsolo. Zokambirana za loya ndi womulemba ntchito zimatetezedwa, akukanani ndipo adzakhala ndi pogwira. Pemphani kontirakiti yosainidwa ija, kalata ya kampani yopempha kusintha, ndi mfundo za msonkhano womwe unakambirana nkhaniyi.

Za tikiti: msonkho wa pamsika umachokera m'malamulo a khonsolo, sunamangirire pa kontirakiti ya zinyalala. Mukasiya kudula nokhanokha, akhoza kukuchotsani pa benchi kapena kukulipiritsani chindapusa, ndipo kukhoti mawu oti dzala likununkha sakupulumutsani.

Kabaza_Thunga
Ndiye tizingolipira basi ngati nkhosa? Misika ina mavenda amanyanyala tikiti sabata imodzi, lole imabwera yokha ikuthamanga.

Loya_Wosamaliza
Zimachitikadi, ndipo nthawi zina zimagwira. Koma mayi afunsa zomwe lamulo likunena, osati zomwe zimaopsa bwanamkubwa. Mukanyanyala msika wonse ndi ndale za pamsika, mukanyanyala atatu ndi mlandu.

Chiperoni_88
A Loya, dzina lanulo likundidetsa nkhawa. Simunamalize chani? Tisamangidwe ndi malangizo a chaka chachiwiri kkkk

Loya_Wosamaliza
Ndi chifukwa chake sindikukulipiritsani. Wofuna womaliza apite ku Legal Aid Bureau.

Mlangizi_Zaumoyo
Ine za ndime ndi tenda sindilowerera, koma pali mbali yomwe loyayo ayenera kuiona ndipo palibe waitchula. Zinyalalazo zikachoka pamsika zimakatayidwa kuti? Lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limafuna kuti wonyamula zinyalala ngati bizinesi akhale ndi chiphaso, ndipo mtaya ukhale malo ovomerezeka. Kampani ikayamba kulira za dizilo, chinthu choyamba chomwe dalaivala amachita ndi kufupikitsa ulendo. Mmalo mokafika ku mtaya amakhuthula m'khwawa lapafupi. Kuno kwathu khwawa lililonse limathera mu mtsinje, kaya Nswadzi kaya Thuchila, kenako Ruo, ndipo kumunsi kuli anthu otunga ndi kuchapa.

Musaiwale kolera ija inayamba mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023, anthu oposa 1,700 anamwalira dziko lonse. Namondwe Freddy atabwera mu March 2023 tinaona tokha madzi akunyamula chilichonse, zimbudzi ndi madzala omwe. Dzala la pamsika wa ndiwo lili ndi masamba owola, matumbo a nsomba, madzi ochokera kolesitilanti, matewera a ana amene anthu a nyumba zoyandikana amataya usiku. Ntchentche yochoka pamenepo siyenda mtunda kuti ikatere pa tomato wa mayiwa. Kuchepetsa masiku nyengo ya mvula ine sindingasainire, ngakhale loya atati malamulo akulola.

MayiWaKabichi
A zaumoyo mwanena zoona za matewera. Dzulo madzi akuda ochokera pa dzalalo anadutsa pansi pa benchi yanga, ndinachita kusanja njerwa n'kuika thumba pamwamba kuti kabichi asakhudze. Kasitomala wina anafika, wagwira kale mutu wa kabichi, atangoyang'ana pansi anaubweza mwaulemu n'kupita kwa anzathu a kumtunda. Sananene kanthu, koma ndinamva.

Nanazi_Lokoma
Koma inu a ku Thyolo mukutaya chuma. Masamba a kabichi ndi makoko a nthochi mukulipira kampani kuti ikataye? Ife kuno makoko a nanazi timawaunjika kumunda. Fetereza wakwera chonchi, manyowa aulere mukuwathamangitsa ndi thirakitala.

Mlimi_wa_Nkhumba
Masamba abwino ine ndimatenga kale m'mawa uliwonse, nkhumba zanga zimadya. Vuto ndi la pulasitiki. Ukatola thumba limodzi la masamba, theka ndi majumbo ndi timapepala ta mafiriziti. Nkhumba ikameza imatupa mimba.

Chiperoni_88
Majumbo opyapyalawo si analetsedwa kalekale?

Mlangizi_Zaumoyo
Analetsedwa mu 2015, onse osafika ma micron 60, ndipo Khoti la Supreme linagamula mu July 2019 kuti chiletsocho chikhalepo. Koma pitani pa msika uliwonse kuyambira Bvumbwe mpaka Limbuli muwerenge nokha.

Nanazi_Lokoma
Ku Limbuli musakutchule, majumbo ena amalowera ku Muloza kuchokera kutsidya. Komanso a ku Thyolo musatinamize, nthochi zanu zija zinatha ndi matenda a chisaka, pano mukudya za ku Mozambique ngati ife tomwe.

Nachisale_wa_Goliati
Zikubwerera pang'onopang'ono achimwene, anthu anazula zakale n'kudzala mbewu yatsopano. Inu samalani nanazi zanu zowawasa zija mumagulitsa pamsewu ngati zotsekemera.

Nanazi_Lokoma
Mwandilakwira kwambiri mayi. Bwerani December mudzalawe, ndidzakusenderani ndekha.

Admin_Sapitwa
Nanazi ndi nthochi zikhale ndi ulusi wake. Tibwerere ku dzala.

Wa_Procurement_BT
Ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Ndine wa kwathu konkuno koma ndimagwira ntchito yogula katundu ku Blantyre. Pali chinthu chimodzi chomwe nonse mwachidumpha, ndipo ndi chomwe mayi akufunikira kwambiri kuposa mbiri ya malamulo.

Addendum, pepala la zosintha pa kontirakiti, yomwe sinasainidwe si kanthu. Ndi pepala chabe. Malinga ngati loya akuunikabe ndipo mbali ziwirizo sizinasaine, kontirakiti yomwe ikugwira ntchito ndi yakale ija, ndi masiku ake onse, ndi mtengo wake womwewo. Choncho yankho loti "mapepala ali kwa loya" silikuyankha funso loti thirakitala ili kuti. Ndi nkhani ziwiri zosiyana zomwe wina wazimanga mtolo umodzi kuti mavenda asiye kufunsa. Mmisiri amene mwagwirizana naye kuti afolere nyumba akabwera pakati pa ntchito n'kunena kuti mtengo ukwere, mukhoza kukambirana, koma sangasiye denga lotseguka mvula ikugwa n'kumati tidikire akuluakulu agamule.

Kampani yomwe yayamba kale kubwera masiku ochepa ikuchita zinthu ngati kuti kusinthako kwavomerezedwa. Kontirakiti zambiri za boma zimakhala ndi ndime yodula ndalama ntchito ikachedwa kapena ikapanda kugwiridwa, komanso yochenjeza ndi yothetsa mgwirizano. Funso lofunsa khonsolo ndi ili: mwailembera kampaniyo kalata yoichenjeza? Masiku omwe sinabwere mwadula ndalama? Ngati ikulandira ya mwezi wathunthu pamene yabwera theka, amene akusainira malipirowo adzakumana ndi a ku ofesi ya Auditor General. Ndipo pali choopsa china. Khonsolo ikangokhala chete miyezi ingapo, ikulipira osadandaula, kampani idzanena kuti munavomera ndi zochita zanu. Loya wochenjera amayamba walembetsa kalata yonena kuti kukambiranaku sikukuchotsa chilichonse mu kontirakiti yakale.

MayiWaKabichi
Apa ndiye mwanditsegula maso achimwene. Ife timangoti poti zili kwa loya ndiye zonse zaima.

Mkontirakitala_MJ
A Procurement mwanena bwino koma mwanena theka. Fufuzaninso ngati khonsoloyo yalipira. Kontirakiti imamanga mbali zonse. Ine ofesi ina ya boma inandisunga miyezi yambirimbiri osandilipira mchenga womwe ndinatula kale, ndikapita akuti fandingi sinabwere, ndikapitanso akuti wosaina wapita ku maliro. Anyamata anga ankafuna malipiro, wa filling station anasiya kundikongoza. Ngati kampaniyi ili ndi ma invoice a miyezi itatu osalipidwa, ndani waphwanya kontirakiti poyamba? Ndipo kontirakiti zina zimalola kuimitsa ntchito ukapanda kulipidwa, bola upereke notisi.

Wa_Procurement_BT
Zoona, bola upereke notisi yolemba. Osati kungozimitsa foni. Ndiye mayi awonjezere pa kalata yawo: tikufuna kudziwa miyezi yomwe kampani yalipidwa ndi yomwe sinalipidwe, ndiponso ngati inaperekapo notisi yoimitsa ntchito. Yankho lake lidzaonetsa lokha kuti chala chiloze kuti.

Kabaza_Thunga
Ngati sanalipire ndiye ndalama za matikiti zikupita kuti? Wodula tikiti sajomba ngakhale pa Khirisimasi.

Kalaliki_Wopuma
Zimalowa mu thumba limodzi la ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha. M'menemo ndi momwe mumachokera malipiro a alonda, osesa, odula matikitiwo, mafuta a galimoto, ndi zina za misonkhano. Makhonsolo a m'maboma alibe misonkho ya nyumba yochuluka ngati Blantyre, amadalira misika ndi ziphaso za mabizinesi. Ndiye zinyalala zimapikisana ndi malipiro, ndipo zinyalala sizichita sitalaka. Ndikanakonda gawo lina la ndalama za msika uliwonse lizitsala pamsika pomwepo, lolembedwa poyera pa bolodi. Zimenezo makhansala akhoza kuzikambirana pokonza bajeti, sizifuna loya.

Mphunzitsi_Nswadzi
Funso langa ndi la loyayo. Ndi wa ndani? Amulipira ndani? Chifukwa ngati wamusankha ndi yemweyo amene analemba zosinthazo, ndiye tikudikira chidindo chabe.

Loya_Wosamaliza
Aphunzitsi, khonsolo pamalamulo ndi bungwe loima palokha, limasuma ndi kusumiridwa m'dzina lake, ndiye womulemba ntchito loyayo ndi khonsolo, osati ofisala amene wamutumizira fayilo. Akalemba malangizo opotoka dzina lake lili pamenepo, ndipo Malawi Law Society ilipo. Koma muli ndi mfundo pa chinthu chimodzi: loya amayankha funso lomwe wafunsidwa. Mukamufunsa kuti "mawu a pepalali ali bwino?" akonza mawu. Mukamufunsa kuti "kodi tili ndi mphamvu yowonjezera zaka ziwiri popanda tenda?" ayankha zimenezo. Makhansala amene anakanawo aonetsetse kalata yomwe inapita kwa loya, aone kuti anafunsidwa chiyani. Ndiponso malangizo a loya si chigamulo. Akhoza kunena kuti lamulo likulola, makhansala n'kukanabe poti sizikomera anthu.

Mphunzitsi_Nswadzi
Nanga akasaina mwakabisira tidzangomva zatha?

Loya_Wosamaliza
Njira zilipo. Makampani ena amene akanapikisana nawo akhoza kudandaula ku PPDA. Inu ngati nzika mukhoza kupita kwa Ombudsman, n'kwaulere. Kukhoti lalikulu kuli njira yopempha kuti liunike chiganizo cha ofesi ya boma, pogwiritsa ntchito gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko lomwe limati zochita za boma zikhale zotsata lamulo, zachilungamo, ndipo zifukwa ziperekedwe polemba. Koma imeneyo ili ndi malire a miyezi itatu kuchokera pomwe chiganizo chapangidwa, ndipo imafuna ndalama zomwe komiti ya msika ilibe. Pakakhala umboni weniweni wa ziphuphu, osati wa a Kabaza, ndiye ku ACB.

Kabaza_Thunga
Umboni wanga ndi mphuno yanga bwana.

Gogo_wa_Chonde
Ana inu, ine ndinaona nthawi yomwe kunalibe makhansala, kuyambira 2005 mpaka 2014. Zinthu zoterezi zinkangosainidwa mu ofesi, wofunsa panalibe. Lero mukudandaula kuti makhansala achedwetsa pepala. Kuchedwa kumeneko ine ndikukuyamikira. Chomwe sindikuyamikira n'chakuti khansala wa dera lanu, mayi, sanabwere pamsika kudzakufotokozerani, mpaka mukumva kwa mkulu wa msika. Pa kampeni ankadziwa benchi iliyonse.

Chiperoni_88
Agogo, ena mwa makhansalawo akukana poti ali ndi kampani yawo yomwe akufuna ilowe. Musawayeretse kwambiri.

Gogo_wa_Chonde
Ngati zili choncho, tenda ya poyera ndi yomwe ingawagwire onse awiri. Aitane, tione mitengo.

Mkontirakitala_MJ
Tenda yatsopano imatenga miyezi, kulengeza, kutsegula, kuunika, kudikira madandaulo. Nthawi yonseyo dzala likhala likuchotsedwa ndi ndani? Ndipo musadabwe mitengo yatsopano ikadzabwera yokwera kuposa yomwe mukukanayi. Aliyense pano akuwerengera kuti kwacha ikhoza kugwanso.

Wa_Procurement_BT
N'chifukwa chake kuwonjezera miyezi yochepa pomwe tenda ikuyenda n'komveka, ndipo loya aliyense angakupezere njira. Zaka ziwiri ndi nkhani ina. Mtengo ukadzabwera wokwera pa mpikisano, tidzadziwa kuti ndiwo mtengo wake. Pano tikungomva kwa munthu mmodzi.

Chinanso, ngati akusintha kuti azilipira pa ulendo uliwonse mmalo mwa pamwezi, samalani. Njira imeneyo ndi yabwino pokhapokha pali wowerenga maulendo. Ndaonapo ngolo yodzaza theka ikulembedwa ulendo wathunthu, ndi ulendo umodzi ukusainidwa kawiri, pochoka ndi pobwera. Komiti ya msika igule kope la masamba 80, lizikhala ndi munthu mmodzi wa pafupi ndi dzala. Tsiku, nthawi, nambala ya thirakitala, yodzaza kapena ayi, dalaivala asaine. Akakana kusaina jambulani ndi foni. Kope limenelo lidzalankhula kwambiri mu msonkhano kuposa kukuwa.

Nachisale_wa_Goliati
Koma zonsezi bwanji khonsolo osangogula thirakitala yake n'kulemba anyamata a konkuno? Kale zinkatero.

Kalaliki_Wopuma
Zinkatero, ndipo thirakitala ija inkakhala pa mawe miyezi poti sipeya yasowa, kapena yapita kukanyamula njerwa za munthu. Mizinda ikuluikulu ili ndi malole akeake koma pitani ku mtaya wa Mzedi ku Blantyre kapena wa ku Area 38 ku Lilongwe mukaone ngati vuto linatha. Kaya ndi kampani kaya ndi khonsolo, popanda woyang'anira ndi chimodzimodzi.

Mlangizi_Zaumoyo
Pomwe mukudikira makalata, pemphani ofesi ya zaumoyo ibwere idzaone dzalalo n'kulemba lipoti. Lipoti la zaumoyo likalowa mu fayilo, palibe amene amafuna dzina lake likhale pansi pake kolera ikabuka. Pemphaninso klorini wothira m'ngalande ya pansi pa mabenchiyo. Tsiku losesa lija linakhazikitsidwa mu November 2020, la Lachisanu lachiwiri la mwezi, mukhoza kuligwiritsa ntchito kuitana khansala ndi mfumu abwere ndi mafosholo, aone ndi maso awo.

Kabaza_Thunga
Tisese ife, alandire ndalama iwo? Ine ayi.

MayiWaKabichi
Ndalankhula ndi wapampando wa komiti ya msika madzulo ano, ndamuwerengera zomwe alemba a Procurement ndi a Loya. Wavomera kuti kalata ilembedwe m'dzina la komiti, osati langa, poti ine ndekha angandisamutse benchi. Tikupempha kontirakiti yakale, kalata ya kampani, mfundo za msonkhano, miyezi yomwe yalipidwa, ndi malo omwe zinyalala zikutayidwa. Kope ndagula kale, lizikhala ndi mnyamata wogulitsa makala poti ndi amene amayang'anizana ndi dzala tsiku lonse. Chomwe tasemphana n'chakuti wapampando akufuna tiikemo mawu oti tikapanda kuyankhidwa tisiya matikiti. Ine ndikuti ayi. Inu mukuti bwanji?

Loya_Wosamaliza
Musaikemo. Kalata yopempha mapepala ikhale yopempha mapepala basi. Mukaikamo chiopsezo adzayankha chiopsezocho n'kusiya mafunso anu. Lembani makope awiri, limodzi akudindireni tsiku lolandirira, mubwere nalo. Masiku 15 aja amayambira pa chidindocho.

Mkontirakitala_MJ
Ndipo mnyamata wa makalayo mumuuze asamakangane ndi dalaivala. Dalaivala ndi waganyu chabe, mwina nayenso sanalandire.

Kalaliki_Wopuma
Kope lina la kalatayo lipite kwa khansala wa dera lanu, lina kwa wapampando wa komiti ya zaumoyo ndi zachilengedwe ya khonsolo, chifukwa nkhaniyi idzadutsa kumeneko isanafike ku msonkhano wa khonsolo yonse. Msonkhano umenewo anthu amaloledwa kukhalapo n'kumvera, kungoti simulankhula. Funsani kwa kalaliki tsiku lake, mupite anthu angapo, mukhale kumbuyo ndi kope lanulo.

Chiperoni_88
Akatiuza tsiku ine ndipereka transport ya anthu awiri. A Kabaza anyamule wachitatu ulere.

Kabaza_Thunga
Ulere ayi, petulo wake agule a Loya. Mayi, kalatayo mukaitaipa muiponye pano tiione isanapite, wapampando wanuyo ndimamudziwa, aikamo za matikitizo usiku.